NTCHITO ZA MANJA ATHU: Mwana Wathu Adziŵa Kompyuta, Koma Ompatsa Ntchito Ali Kuti?



Mwezi uno talandira kalata yochokera kwa mayi wina wa m'boma la Kasungu, ndipo ndaona kuti nkwabwino kuiyankha pano pagulu, pakuti nkhani yake ikhudza mabanja ambiri. Mayiŵa ndi mphunzitsi wopuma pa ntchito. Mwana wawo wamwamuna adatsiriza maphunziro a kompyuta ku sukulu ya ukachenjede zaka ziŵiri zapitazo, ndipo pa ndalama zimene iwo adalandira popuma adatapako ndi kumgulira laputopu. Makalata ofunsira ntchito mnyamatayo walemba osaŵerengeka, koma yankho kulibe. Potsiriza adanena kuti adzaima payekha, azilembera anthu mapulogalamu a pa kompyuta ndi kulandira malipiro pa ntchito ili yonse imene watsiriza. Tsono miyezi 8 yapita, ndipo amene ampatsa ntchito ndi aŵiri okha: wina adalipira theka, winayo sadalipire konse. Bambo a mnyamatayo akuti imeneyi ndi ganyu chabe, ndipo mtendere pa nyumba wachepa. Mayi afunsa ngati nkoyenera kumlekerera, kapena kumuuza kuti apite akagulitse m'golosale ya amalume ake.

M'kalatamo mayi aikamonso kapepala kamene mnyamatayo adasindikiza polengeza ntchito yake. Ndakaŵerenga kangapo. Pa kapepala kamodzi komweko walemba kuti amapanga mawebusaiti, amalemba mapulogalamu a m'foni, amakonza makompyuta oonongeka, amajambula zizindikiro za makampani, amasindikiza makadi a ukwati, amaika makamera oonera akuba, ndiponso amaphunzitsa ana kutaipa. Mayi, yankho la funso lanu lagona pa kapepala kameneka. Mwana wanu si waulesi, ndipo sindikayika kuti zambiri mwa izi angathe kuzichita. Chimene chamsoŵetsa ntchito nchakuti sanasankhe anthu amene afuna kuwatumikira. Ambiri amayesa kuti kusankha mbali ya ntchito ndi nkhani ina, kupeza makasitomala ndi nkhani inanso. Koma ziŵirizi ndi nkhani imodzi.

Kodi ndi ganyu?

Tiyambe ndi mawu a bambo, pakuti sadalankhule zopanda pake. Pulogalamu ya pa kompyuta ndi malangizo olembedwa mwa dongosolo, ouza makina chochita. Mukaimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, mawu amene amabwera pa foni yanu, okufunsani ngati mufuna kutumiza ndalama kapena kulipira madzi, adachita kulembedwa ndi munthu. Munthu wotere ndi mmisiri, monga momwe aliri womanga nyumba kapena wopala matabwa. Amisiri ena amalembedwa ntchito ku banki, ku boma kapena ku kampani ya lamya. Ena amaima paokha.

Waganyu amagwira chili chonse chimene wapeza tsikulo, lero kupalira, maŵa kuumba njerwa, mkuja kutunga madzi, ndipo mtengo amamtchulira ndi mwini ntchito. Mmisiri amafunidwa ndi dzina, ndipo mtengo amatchula yekha. Chotero bambo sadaphonye kwenikweni, pakuti kapepala kaja nka waganyu, ngakhale mwini wake ali ndi digiri. Chotsala ndi kuichotsa ntchitoyo pa uganyu ndi kuifikitsa pa umisiri.

Tidziŵenso kuti woima payekha amasenza ntchito zitatu. Yoyamba ndi kulemba pulogalamu. Yachiŵiri ndi kufunafuna anthu oti awalembere. Yachitatu ndi kulondola malipiro ake. Wolembedwa ntchito pa kampani amangochita yoyambayo, pakuti zinazo zili ndi eni ake. Ku sukulu nako amaphunzitsa yoyamba yokha. Nchifukwa chake mwana wanzeru zedi angathe kukhala m'chipinda chaka chathunthu, nanola luso lake usana ndi usiku, koma osapeza ngakhale ndalama ya sopo.

Ichi chakoma, ichi chakoma

Pa makonde a sitolo za m'matauni mwathu mumakhala atelala ambiri, ndipo makina awo ndi ofanana. Koma mwezi wa September ukayandikira, sukulu zili pafupi kutsegulidwa, mudzaona makolo ataunjikana pa telala mmodzi, anzake ali manja lende. Chachitika nchiyani? Mayi akafunsa mnzake ku chigayo kuti ndani amasoka bwino yunifomu, dzina limene limatuluka ndi limodzi. Telala wosoka zonse dzina lake silituluka, popeza palibe funso limene iye ndiye yankho lake. Ntchito ya munthu woima payekha imayenda pakamwa pa anthu, ndipo anthu amasunga m'mutu chinthu chimodzi chokha cha munthu ali yense.

Palinso phindu lina. Telala wa yunifomu ali ndi mapatani odula kale, amadziŵa kumene nsalu yake ikugulidwa motchipa, ndipo diresi imene mnzake angasoke tsiku lonse iye amaitsiriza dzuŵa lisanafike pamutu. Ndi mmenenso zimakhalira kwa wolemba mapulogalamu. Pulogalamu yoyamba yosungira ndalama za sukulu ingamtengere miyezi itatu. Sukulu yachiŵiri ikafuna yofanana nayo, ntchito yaikulu imakhala itachitika kale, ndipo zolakwa zimene adazipeza poyamba sazibwerezanso. Koma amene lero apanga webusaiti ya malo ogona alendo, maŵa makadi a ukwati, mkuja makamera, amakhala wophunzira masiku onse, ndipo nthaŵi ya kuphunzirayo palibe amene amamlipira. Akuluakulu adati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Achinyamata ambiri ukawafunsa mbali yawo amayankha ndi dzina la chida. Wina ati ine ndine wa Python, wina wa Java, wina wa PHP, wina wa WordPress. Zida zimenezi nzofunika ndithu, ndipo mmisiri ayenera kudziŵa chimodzi kapena ziŵiri mozama. Koma mwini sukulu sadziŵa Python, ndipo alibe nayo ntchito, monganso wofuna chitseko safunsa mtundu wa sowo ya kalipentala. Chimene mwini sukulu adziŵa nchakuti ndalama za fizi sizikugwirizana ndi malisiti. Zida zimasintha pakapita zaka zoŵerengeka, koma mavuto a sukulu, a chipatala ndi a sitolo amakhalapobe. Wanzeru amasankha anthu ndi vuto lawo, chida nkubwera pambuyo.

Chitsanzo tili nacho kwathu konkuno. M'chaka cha 2001 bungwe la Baobab Health, limene adayambitsa ndi Gerry Douglas, lidaika makompyuta olembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero tichitcha Kamuzu Central. Olemba mapulogalamuwo adayamba aona mmene ntchito imayendera m'chipatalamo. Adapeza kuti ogwira ntchito ambiri anali asanakhudzepo kompyuta, choncho adakonza makina ongodina ndi chala pa galasi, popanda kutaipa. Adapeza kuti wodwala amayenda ndi kabuku ka kuchipatala, choncho makinawo ankasindikiza kapepala ka nambala komata pa kabukuko. Adapeza kuti magetsi amazima, choncho adalumikiza mabatire. Pambuyo pake njira yomweyo idafalikira ku zipatala zambiri, makamaka posunga mbiri ya olandira mankhwala otalikitsa moyo. Nzeru yaikulu pamenepa inali kudziŵa chipatala.

Pa mbali yomweyi ya zaumoyo pali pulogalamu yotchedwa DHIS2, yokonzedwa ku yunivesite ya Oslo m'dziko la Norway, imene Unduna wa Zaumoyo kuno ku Malaŵi umasonkhanitsira malipoti a zipatala. Imagwiritsidwa ntchito m'maiko oposa 70, ndipo munthu ali yense angathe kuitenga ndi kuiphunzira kwaulere. Wachinyamata amene waidziŵa mozama pulogalamu imodzi imeneyi ali ndi dzina limene mabungwe a zaumoyo angalimve, kuno ndi kunja komwe.

Mafunso atatu posankha

Nanga munthu asankhe bwanji? Ndipereka mafunso atatu, ndipo ndipempha makolo kuti akhale pansi ndi mwana wawo poyankha.

Funso loyamba: kodi ndi ntchito ya anthu ati imene uidziŵa kuchokera mkati? Mnyamata wa ku Kasunguyu adakulira m'nyumba ya mphunzitsi. Waona mayi ake akukhala mpaka pakati pa usiku kuphatikiza malikisi a ana, kuwaika pa mndandanda kuyambira woyamba kufikira wotsiriza, ndi kulemba malipoti ndi dzanja. Adziŵa kuti temu ili ndi masabata angati, ndi kuti mphunzitsi wamkulu amavutika ndi chiyani sabata yotsekera. Chuma chimenechi mnzake wa ku India kapena ku America alibe. Mwana wa namwino adziŵa chipatala. Mwana wa mlimi wa fodya kapena wa mtedza adziŵa kalabu ndi kopaletivu. Amene adagulitsapo m'sitolo ya mankhwala adziŵa kuŵaŵa kwa kutaya mankhwala amene masiku ake atha ali pa alumali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Funso lachiŵiri: kodi vutolo limawatayitsa ndalama kapena tulo, ndipo kodi ali nazo zolipirira? Apa mpamene ambiri amagwa. Mnyamata amaganiza chinthu chokongola, nachikonza miyezi isanu ndi umodzi, kenaka napeza kuti anthu amachiyamikira koma palibe wotulutsa chikwama. Tiyerekeze sukulu yoima payokha ya ana 400. Makolo ena amalipira ku banki, ena pa Airtel Money, ena pa Mpamba, ena pamanja. Ena amalipira theka nalonjeza kudzamaliza. Umboni umabwera pa WhatsApp, nthaŵi zina wopanda dzina la mwana. Msungichuma ali ndi kope limodzi ndi cholembera. Pakutha pa temu ena amene adalipira amabwezedwa ku nyumba, ena amene sadalipire amalemba mayeso. Mwini sukulu wotere akataya fizi ya ana khumi okha pa chaka, wataya kale ndalama zoposa mtengo wa pulogalamu. Munthu ameneyu safuna kumkopa ndi mawu ambiri.

Funso lachitatu: kodi anthu otere alipo ambiri, kotero kuti chimene wakonzera mmodzi ungachigulitsenso kwa ena? Sukulu zoima pazokha zilipo m'boma lili lonse. Chimodzimodzinso sitolo za mankhwala, zipatala zing'onozing'ono, ma SACCO, magulu a alimi a mkaka ndi eni nyumba zobwereketsa. Vuto la munthu mmodzi yekha, limene wina alibe, lingakupatse ntchito ya mwezi umodzi; vuto la anthu zana likudyetsa zaka.

Ndidziŵa mantha amene amabwera pamenepa. Wachinyamata amati, ndikasankha sukulu zokha, nanga wina akabwera ndi ntchito ya webusaiti ndimkane, pamene m'thumba mulibe kanthu? Iyayi, usamkane. Telala wa yunifomu naye amasoka diresi ya ukwati akaipeza. Koma chikwangwani cha pa khomo chinene chinthu chimodzi, ndipo mapazi ako ayende njira imodzi. Kusankhaku sikulinso ukwati. Yesa mbali imodzi chaka chathunthu ndi mtima wonse. Ikakanika, udzasintha utaphunzirapo kanthu.

Mbeŵa ya manyazi

Mbali ikasankhidwa, funso la kumene kuli makasitomala limayamba kudziyankha lokha. Amene amatumikira ali yense sadziŵa khomo loti agogode. Amene wasankha sukulu angathe kutenga pepala lero lomwe ndi kulemba maina a sukulu 20 zimene angafikeko pa njinga kapena pa minibasi.

Chotsatira ndicho chovuta kwa ana athu a kompyuta, pakuti ambiri adakonda makinaŵa chifukwa chakuti safuna kulankhula ndi anthu. Koma mbeŵa ya manyazi idafera kuuna. Kulemba pa Facebook kuti ndimapanga mapulogalamu, nkumadikira, kuli ngati kuimika khasu pa khomo ndi kuyembekeza kuti munda ulimika. Ayenera kuvala bwino, kupita, ndi kupempha mphindi zoŵerengeka za mphunzitsi wamkulu kapena msungichuma.

Ulendo woyamba asapite kukagulitsa. Apite kukamva. Afunse kuti: mumalemba bwanji mwana akalipira? Ndi nthaŵi iti ya temu imene ntchito imakuchulukirani? Chidakusokonezani nchiyani temu yathayi? Apemphe kuona kope lenilenilo, ndipo alembe zimene wamva. Munthu amatopa msanga ndi wogulitsa, koma satopa kufotokoza mavuto ake kwa womvetsera. Akayenda sukulu khumi motere, adzapeza kuti dandaulo lina likubwerezedwa pali ponse, ndipo limenelo ndilo ntchito yake. Safunsa adadya phula.

Ntchito yoyamba ikhale yaing'ono, yotheka m'masabata aŵiri kapena atatu, monga kusindikiza malipoti a kalasi imodzi. Mwini sukulu saika chuma chake chonse m'manja mwa mlendo, koma angalole kuyesa pang'ono. Ikatha bwino, mnyamata apemphe zinthu ziŵiri: kalata yaifupi yochitira umboni, ndi dzina la mwini sukulu wina amene angakamuone. Eni sukulu amadziŵana, monganso eni sitolo za mankhwala amadziŵana, ndipo mawu amodzi a mnzawo amaposa mapepala chikwi olengezera.

Inu makolo, apa mpamene muli ndi gawo lalikulu koposa kugula laputopu. Mayi amene mwaphunzitsa zaka zambiri mudziŵa aphunzitsi akulu angati? Ndi angati mwa anzanu opuma amene adatsegula sukulu zawo? Simufunika kumpemphera ntchito mwanayo. Chanu ndi kuimba foni ndi kunena kuti mwana wanga afuna kudzakuonani, mumlandire. Zotsalazo achite yekha.

Njira ina ndi kudziphatika kwa amisiri anzake. Ku Lilongwe kuli mHub, imene adakhazikitsa ndi Rachel Sibande, ku Mzuzu kuli Mzuzu E-Hub, ndipo akatswiri a makompyuta m'dziko muno ali ndi bungwe lawo la ICTAM limene limachititsa misonkhano. Mmisiri wamkulu ntchito ikamchulukira amafuna womgaŵira, ndipo amagaŵira amene wamuonapo nkhope ndi ntchito yake. Kugwira pansi pa wina sikuchepetsa munthu. Kumamphunzitsa kutchula mtengo, kulemba pangano ndi kupirira kasitomala wovuta, osalipira yekha mtengo wa zolakwa zonse.

Nanga za kunja?

Achinyamata ambiri maso awo ali pa ntchito za kunja, zolipidwa m'madola. Zilipodi. Pa intaneti pali misika monga Upwork, imene idatenga dzina limeneli m'chaka cha 2015 makampani a Elance ndi oDesk ataphatikizana, ndi Fiverr, imene idayamba mu 2010. Wofuna ntchito amalemba mbiri yake, napikisana ndi ena pa ntchito zimene zalengezedwa. Msika umasunga ndalama za mwini ntchito kufikira ntchito itatha, nudulapo gawo lake. Fiverr imadula 20 pa 100 ili yonse. Mwana wa ku Malaŵi ali ndi pomwe angaimire: amalankhula Chingerezi, nthaŵi yathu ndi imodzi ndi ya ku Johannesburg, ndipo tili patsogolo pa London ndi ola limodzi kapena aŵiri okha malinga ndi nyengo, kotero angagwire ntchito masana pamodzi ndi amene akumlipira.

Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pa misika imeneyi wongofika kumene amapikisana ndi anthu zikwizikwi a ku India, Pakistan, Philippines ndi kwina, amene ali kale ndi maumboni ambiri. Opatsa ntchito amayang'ana maumboniwo, ndipo umboni supezeka usanagwire ntchito. Wolemba kuti ndimachita zonse amamira m'khamulo osaoneka. Amene amatulukira ndi uja wanena chinthu chimodzi chodziŵika, naonetsa ntchito imene adaigwira kale. Choncho sukulu zija za ku Kasungu sizitsekereza njira ya kunja. Ndizo zimampatsa choonetsa.

Achenjerenso ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi magetsi ndi intaneti. Tonse tikumbukira kuti namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthaŵi yoposa chaka. Kasitomala wa kutali samva zoti magetsi adazima; amangoona kuti tsiku la pangano lapita. Ndalama zoyamba zigule batire kapena sola zisanagule nsapato. Chachiŵiri ndi kalandiridwe ka ndalama: afunse ku banki yake za njira yololedwa asanayambe ntchito. Chachitatu ndi akathyali. Wokuuza kuti uyambe walipira kuti akupatse ntchito ndi wakuba, ndipo wopempha kubwereka dzina lako ndi akaunti yako kuti azigwirira ntchito m'menemo adzakusiyira mlandu.

Sindingasiye kutchula makina oyankha mafunso, monga ChatGPT imene idatuluka mu November 2022. Makina ameneŵa amatha kulemba mapulogalamu ang'onoang'ono m'kanthaŵi kochepa, ndipo ntchito wamba, zonga kawebusaiti ka masamba atatu, zatsika mtengo. Makolo ena amva zimenezi nataya mtima. Koma makinawo sangakwere njinga kupita kwa msungichuma, sangaone kope lake, ndipo sadziŵa kuti bambo wina amalipirira ana atatu a maina osiyana ndi lisiti imodzi. Mmisiri wodziŵa anthu ake makinaŵa amamfulumizitsa ntchito. Amene ali pa ngozi ndi uja amene chuma chake chonse ndi kudziŵa chida.

Pangano ndi malipiro

Tibwerere kwa anthu aŵiri aja, wolipira theka ndi wosalipira konse. Mayi sadafotokoze, koma ndiyesa kuti panalibe cholembedwa. Pulogalamu si chitseko chimene munthu amachiona kuti chatha. Mwini ntchito akaona koyamba amati, onjezerapo ichi, sintha icho, ndipo ntchito ya mwezi umodzi imafika miyezi inayi pa mtengo womwewo. Mankhwala ake ndi pepala limodzi losainidwa ndi onse aŵiri, lonena zimene pulogalamuyo idzachita, tsiku lomaliza, mtengo, ndi kuti choonjezera chili chonse chidzakhala ndi mtengo wake. Gawo la ndalama, kaya theka kaya limodzi mwa magawo atatu, liperekedwe ntchito isanayambe. Womanga nyumba sayamba maziko popanda chikole, ndipo palibe amene amamuyesa wamwano. Wokana kupereka chikole wakuuziratu mmene adzachitira pa mapeto.

Mtengo wotchulidwa ukhale ndi malire a masiku, monga 30. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Malo osungira mapulogalamu pa intaneti kaŵirikaŵiri amalipiridwa m'madola, choncho amene adatchula mtengo wa chaka chonse mwezi wa October adagwira ntchito yodzisaukitsa. Ndiponso pulogalamu ifuna kusamalidwa monga chigayo. Nkwabwino kupangana za kandalama ka mwezi ndi mwezi, kapena ka temu ndi temu, ka kusamalira ndi kukonza. Sukulu khumi zolipira pang'onopang'ono motere ndizo zimasandutsa ntchito ya apa ndi apo kukhala malipiro odalirika.

Achibale ndi anansi ndiwo amavuta koposa, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ngati mwana afuna kuthandiza mbale wake kwaulere, anene poyera kuti iyi ndi mphatso, ndipo ithera apa. Ngati ndi malonda, pepala lilembedwe monga kwa wina ali yense. Inu akuluakulu musamchititse manyazi mwana pofunsa malipiro kwa amalume ake.

Alembetsenso dzina la bizinesi yake ku boma ndi kutenga nambala ya msonkho, TPIN, ku MRA, pakuti makampani ndi mabungwe ambiri amafuna zimenezi asanalipire munthu. Ndipo akumbukire kuti m'manja mwake mudzakhala maina a ana, malikisi awo ndi ngongole za makolo awo. Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu m'chaka cha 2024. Koma ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, mmisiri woulula za m'nyumba imene wagwiramo ntchito saitanidwanso m'mudzi wonsewo.

Yankho kwa mayi ndi bambo

Mayi, musamtumize ku golosale tsopano, ndiponso musangomlekerera. Khalani naye pansi pamodzi ndi bambo ake, mupangane za nthaŵi, tinene miyezi isanu ndi umodzi. Kapepala kaja akang'ambe, alembe kena ka chiganizo chimodzi. M'miyezi yoyamba musamfunse kuti wapeza ndalama zingati. Mfunseni Loŵeruka lili lonse kuti sabata ino waonana ndi anthu angati, ndipo wamva chiyani. Ngati ayenda, ndalama zidzatsata mapazi. Ngati miyezi ipita iye ali chitsekere m'chipinda, pamenepo mudzadziŵa kuti kuima payekha si mbali yake, ndipo palibe chamanyazi. Amisiri ambiri abwino amayamba agwira pa kampani kapena pa bungwe zaka zingapo, naphunzira mavuto a anthu pa malipiro a wina, nadzaima paokha pambuyo ali ndi dzina. Makalata ofunsira ntchito asaleke kulemba, pakuti kalata yonena kuti sukulu zitatu zikugwiritsa ntchito pulogalamu yanga imaŵerengedwa mosiyana ndi kalata ya digiri yokha.

Kwa inu bambo ndinena ichi: mawu akuti ganyu amalasa, ndipo mwana wolasidwa kunyumba sakhala ndi mtima wogogoda pa khomo la mlendo. Mwaona chimene chalakwika, ndipo mwaona bwino. Tsono mthandizeni kuchikonza. Tsiku limene adzalandira malipiro oyamba, ngakhale ochepa, mloleni agule thumba la ufa kapena alipire magetsi a mwezi umenewo, ndipo mulandire ndi manja aŵiri.

Ndipo kwa iwe mnyamata, ngati mayi ako akupatsa tsamba lino kuti uŵerenge: kope la malikisi limene unkaona pa tebulo uli mwana likadalipo m'sukulu zambiri, ndipo aphunzitsi akadagonabe mochedwa sabata yotsekera. Lolemba likudzali tseka laputopuyo, nupite ukawafunse.

Mwezi wa maŵa tidzakambirana za achinyamata amene afuna kuyamba ulimi wa nkhuku pa ndalama zochepa. Pitirizani kutilembera makalata. Tsalani bwino.